Mkanjo wa Mlonda wa Pachipata

Soukaina anatulukira pakhomo panga Lachisanu masana, ine ndili kalikiliki kutsuka mbale ya kusikusi, chakudya chathu cha Lachisanu, ndipo sanapereke n'komwe moni. Mtsikana ameneyu ndinamuphunzitsa ndekha kugwira singano ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ndikangomuona nkhope ndimadziwa ngati wathyola singano ya makina kapena ngati zagwa zazikulu. Tsiku limeneli milomo yake inali itauma gwa.

"Azakhali Rkia, mkanjo uja palibe."

"Mkanjo uti?"

"Wa mlonda wa pachipata. Umene anavala malemu a Mbarek m'filimu."

Ndinaika mbale pansi n'kuyamba kufunafuna nsapato.

Ine ndadya za mafilimu zaka makumi awiri ndi zitatu, monga theka la anthu a muno mu Ouarzazate. Amuna amasunga ndevu kudikira a makamera adzawatenge kuti akaime kumbuyo ngati asilikali akale, ife akazi timasoka zovala za mafumu amene sanakhaleko. Filimu imabwera, filimu imapita, sitifunsa n'komwe kuti nkhani yake ndi yotani. Koma iyi ya Ana a Mphepo Yofiira inasokoneza anthu mitu. Ndi mabuku asanu, lililonse lokhuthala ngati njerwa, ndipo achinyamata athu anawawerenga mpaka zikuto kuthothoka. Aliyense anamanga kansalu kofiira pamkono, ngakhale mphunzitsi wa masamu, bambo wa ana anayi. Zitamveka kuti filimu yachitatu ijambulidwa kuseri kwa mapiri athu omwewa, ena analira misozi yeniyeni. Ine mabukuwo sindinawerengepo, ndipo tulo ndimagona bwinobwino.

Filimuyo itatha kukonzedwa, a kampani anabwereketsa zinthu zingapo kwa gulu la okonda mabukuwa kuti anthu azidzaziona m'holo ya achinyamata kwa sabata imodzi. Wosainira anali Soukaina, mtsogoleri wa gululo. Galimoto yodzatenga katunduyo imabwera Lolemba m'mawa, ndipo Lolemba lomwelo Soukaina amayenera kuyamba ntchito yosoka zovala za filimu yachinayi, ntchito yoyamba yooneka m'nyumba ya amayi ake chimwalirireni bambo. Pa ntchito yathuyi ukangotchulidwa kamodzi kuti chinthu chinasowa m'manja mwako, basi, ngakhale kunyamula madzi sadzakuitananso. Kuonjezera apo, mkanjowo umafunika m'filimu yachinayi, pomwe mtsikana mwini nkhani amauvala.

*

Loko wa pachitseko cha holo anali bwinobwino, mawindo onse otseka. Lupanga la mfumu linali pamalo pake, chisoti cha miyala yonyezimira chinali pomwepo, ndipo n'zimene wakuba wanzeru zake akanayamba kutola. Chinasowa chinali mkanjo wotuwa wa ubweya wa nkhosa, sanza zenizeni. Ndikuti sanza chifukwa ndinazipanga ndekha. Ndinausoka watsopano, kenako ndinatha masabata atatu ndikuukalambitsa. Ndinaunyika mu tiyi, kuukwecha ndi mwala, kuupaka dothi, n'kudula m'munsi mwake ndi lezala monga mmene bwana wa zovala anajambulira papepala.

Koma chidole chimene chinavala mkanjowo sichinali maliseche. Wina anali atachifunditsa nsalu yoyera n'kuimanga paphewa ndi pini, mwaudongo ngati akuveka mwana wopita naye kwa apongozi.

"Wachifunditsa ndiwe?"

"Ayi, azakhali. Ndachipeza chonchi."

"Wakuba wamanyazi ameneyu. Makiyi ali ndi ndani?"

"Ine ndi a Hammou basi. Ndinatseka cha m'ma thweluvu, anthu akupita ku mapemphero. Nditabwerako cha m'ma thiri ndinapeza a Hammou atakhala pa sitepe panjapo. Ndinatsegula, tinalowa limodzi." Anandiyang'ana. "Ndiimbe ku polisi?"

"Ukaimba ku polisi, a kampani amva dzuwa lisanalowe. Tili ndi mawa ndi mkuja. Ndiitanire a Hammou."

A Hammou ndi mlonda wa holo, mkulu wa ndevu zofika pachifuwa. Aonekapo m'mafilimu oposa makumi atatu, ndipo amadzitama kuti afa kakhumi ndi kasanu ndi kanayi pamaso pa kamera. Analowa akukoka mapazi, maso ali ku denga.

"A Hammou, nthawi ya mapemphero munali kuti?"

"Funso lanji limenelo, mayi? Ku mzikiti. Mzere wachiwiri, pafupi ndi mzati. Funsani aliyense. Ndinayetsemula pakati pa ulaliki, imamu anachita kundiyang'ana."

"Mutatuluka?"

"Kusikusi kwa mwana wanga wamkazi. Wa dzungu. Mchere unachepa, koma musakamuuze."

"Kiyi yanu?"

Anamenya thumba la pachifuwa kawiri. "Siichoka pano, mayi. Ndimagona nayo."

"Simunaone munthu wachilendo akuzungulira sabata ino?"

"Achilendo okhaokha. Ana a sukulu, alendo a makamera, amisala ovala zipewa zosongoka. Mkazi wina anapsompsona galasi la lupanga, ndinachita kupukuta ndine."

Atatuluka, Soukaina anandigwira mkono. Maso ake anali atafiira.

"Azakhali, ndikumudziwa. Ndi Anas wa kufamasi. Lachitatu anaima pompano n'kunena pamaso pa anthu kuti mkanjo uwu ndi wofunika kuuthira palafini."

*

Loweruka m'mawa ndinamupeza Anas akuyala mabokosi a mankhwala a chifuwa. Ndi mwamuna wa zaka makumi atatu, woonda, wa magalasi, wa mtundu uja wa anthu amene amakonda buku kwambiri mpaka kudana ndi aliyense wolikhudza.

"Ndinanena, mayi, ndipo ndibwerezanso. Buku lachitatu, tsamba 212, mzere wachisanu kuchokera pansi. Mkanjo wa mlonda ndi wabuluu. Wabuluu. Iwo apanga wotuwa ngati bulu. Amene anachita zimenezo sanatsegulepo bukulo."

"Ndinaunyika ndine, Anas."

Anakonza magalasi. "Kasokedwe kake n'kabwino kwambiri, mayi."

"Dzulo masana unali kuti?"

"Pompano. Linali Lachisanu lathu losatseka. Abwana anali pampando apo kuyambira m'mawa, afunseni. Kusikusi anachita kutibweretsera, tinadyera pa kauntala." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndamva kuti wakubayo wafunditsa chidole. Ine ndingafunditse pulasitiki chifukwa chiyani? Ndikanaba, ndikanasiyapo kapepala kolemba nambala ya tsamba."

Apo sanali kunama. Abwana ake anagwedeza mutu kuvomereza, maso ali pa nyuzipepala.

"Koma mukafuna anthu achipongwe," anapitiriza Anas, "si ine. Lachinayi kunabwera amayi atatu a mumsewu wa kwa a Mbarek. Wina anawerenga mokweza kakhadi kaja kolembedwa dzina la malemu, n'kuseka. Akuti ngati wopemphetsa wa pa siteshoni ya basi. Ndinayesa kuwafotokozera kuti mlonda wa Chipata cha Kummawa ndi ndani, koma anandisiya ndikulankhula ndekha."

"Wabuluu kapena wotuwa, unamuikira kumbuyo?"

"Mtundu ndi nkhani ina, mayi. Munthuyo ndi nkhani inanso."

Ndinatuluka mutu uli gwa. Mlonda anali ku mzikiti, mdani wa mkanjo anali pa kauntala, ndipo wotsala ndi kiyi anali mwana amene ndimafuna kumupulumutsa. Ndinachita mantha, ndisakubisireni. Ndinayamba kuganiza zopusa, zoti ndisoke mkanjo wina m'masiku awiri n'kuyesa kunamiza bwana wa zovala, mzimayi amene amazindikira ulusi umodzi ukasintha. Ndi maganizo amenewo ndinakhotera kwa Abdellatif, wogulitsa ulusi ndi mabatani, amene pakamwa pake sipatsekeka ngakhale nthawi ya kusala.

"Wotuwa waubweya? Mwachedwa, achemwali. Watha."

"Watha bwanji? Wogula ndine ndekha m'tauni muno."

"Ndimaganiza choncho inenso. Koma mipukutu itatu yotsala ija anagula a Hammou Lachinayi madzulo, ndi singano zazing'ono ziwiri. Ndinawafunsa kuti kodi ndevu zayamba kuthothoka, mukufuna kusokerera? Sanaseke. Munthu amene batani lake amachita kusokeredwa ndi mwana wake, ulusi atani nawo?"

Ndinaima chiimire. M'maganizo ndinaona a Hammou atakhala pa sitepe, padzuwa la thiri koloko, kudikira kuti mtsikana awatsegulire chitseko. Ndinaonanso nsalu yoyera ija, ndi pini paphewa. Ndinatulutsa foni.

"Soukaina, siya chilichonse. Tenga zithunzi zonse za mkanjo zimene a kampani anakupatsa, undipeze pa ngodya ya msewu wa kwa a Mbarek."

*

A Hammou tinawapeza pakhomo pomwepo, atanyamula buledi awiri ochokera ku uvuni. Atationa anafuna kubwerera, koma kamsewuko n'kopanikiza.

"A Hammou, munthu wokhala ndi kiyi m'thumba sapsa ndi dzuwa pa sitepe."

Anayang'ana buledi, anayang'ana Soukaina, kenako anayang'ana pansi. Munthu wofa kakhumi ndi kasanu ndi kanayi, koma kunama sanakuphunzire.

"Ndinakula naye Mbarek," anatero motsitsa mawu. "Tinaweta mbuzi limodzi. Pa kamera tafera limodzi kasanu ndi kawiri. Mkazi wake akandipempha kiyi, ndiyankhe kuti chiyani? Ndinamusiyira popita ku mzikiti. Iye satuluka masiku ano, mukudziwa, ndiye anasankha nthawi imene mumsewu mulibe anthu. Anati abweza Lamlungu madzulo."

"Nanga mwanayu? Munamuona akulira dzulo."

"Ndinamuona, mayi. Sindinadye."

Ndinafuna kuwalalatira, koma ndinangowadutsa. Ndinagogoda n'kukankha chitseko.

Lalla Yamna, mkazi wa malemu a Mbarek, anali atakhala pa mphasa pabwalo la m'kati mwa nyumba, atavala zoyera za umasiye kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Panali patapita miyezi iwiri chimwalirireni a Mbarek, ndipo anali atatsala ndi miyezi ina iwiri ndi masiku khumi kuti avule zoyerazo. Pamiyendo pake panali mkanjo uja. Soukaina anatulutsa kamawu kakang'ono.

Mkanjowo unali utachapidwa. Dothi langa lonse, tiyi wanga yense, zinali zitapita ndi madzi a sopo. Mabowo a paphewa anali atatsekedwa, ndipo m'munsi monse mmene ndinadula ndi lezala munali mutalumikizidwa ndi zigamba za ubweya wofanana ndendende. Masabata anga atatu anathera pamenepo. Ndipo ndinene zoona, kusoka kokongola chotero sindinakuonepo m'moyo mwanga. Ndinachita kuyandikira kuti ndione pamene singano inalowera.

"Lowani, ana anga," anatero Lalla Yamna osadzidzimuka. "Hammou, ika buledi apo uwiritse tiyi. Ndatsala ndi mkono umodzi wokha."

Tinavula nsapato n'kukhala.

"Lalla," ndinayamba, "mkanjo uwu ndi wa eni ake."

"Ndikudziwa. Ndani wati ndaba? Ndikubweza mawa, uli bwino kuposa mmene ndinaupezera." Sanasiye kusoka. "Zaka makumi anayi ndi chimodzi, Rkia, mwamuna wanga sanatulukepo pakhomo apo ndi batani lolendewera. Tinagonapo ndi njala, koma iye amapita ku mzikiti ngati mphunzitsi wamkulu. Lero ali m'manda, tauni yonse ikupita kukawerenga dzina lake pansi pa sanza. Akazi a mumsewu muno anabwera kudzandipepesa Lachinayi, tiyi wanga ali m'manja, n'kumati, koma Yamna, akuluwa unkawasamala ndithu? Nditauona ndi maso anga dzulo ndinakhala pansi. Ndinaganiza kuti anaung'amba yekha ku ntchito n'kuchita manyazi kundiuza."

"Sanaung'ambe iwo, Lalla. Ndinaung'amba ndine. Ndi ntchito yanga."

Singano inaima. Anandiyang'ana.

"Iwe Rkia, mwana wa Zhor, amakulipira kuti uzing'amba zovala?"

"Eya, Lalla."

"Amayi ako ankadziwa?"

"Anamwalira akudziwa."

"Mulungu awachitire chifundo, anapirira zambiri."

Ndinamufotokozera zonse pang'onopang'ono. Ndinamuonetsa zithunzi, bowo lililonse ndi nambala yake, banga lililonse ndi muyeso wake. Ndinati mkanjo ukabwerera watsopano chonchi n'chimodzimodzi kusabwerera, ndipo mlandu ugwera Soukaina, ntchito imuthera asanaiyambe. Ndinatinso tikayamba lero lomwe, manja athu tonse ndi dzuwa lathuli, tikhoza kuubwezera mwakale pofika Lolemba m'mawa. Koma tiyenera kumasula ulusi wake wonse ndi kudula zigamba zonse.

Lalla Yamna anakokera mkanjowo pachifuwa.

"Ayi."

"Lalla, mwanayu..."

"Mwanayu ndimukonda, agogo ake tinkatunga madzi limodzi. Ndipita ndekha kwa azunguwo ndikawauze kuti ndine. Andimange. Koma Mbarek sabwereranso pagulu ndi sanza."

Ndinasowa mtengo wogwira. Ndinadziwa kuti a kampani sangamange nkhalamba yovala zoyera, angomwetulira, n'kufufuta dzina la Soukaina mwakachetechete. Komanso sindikanalimbirana nsalu ndi mayi wamasiye m'nyumba mwake. A Hammou anabweretsa tiyi wa minti, palibe anamukhudza.

"Mbarek ankati anangomuuza kuti aime pachipata aoneke wotopa," anatero Lalla Yamna, ngati akulankhula ndi mkanjowo. "Masiku asanu ndi limodzi, kuima basi. Ndinkamufunsa kuti kodi ndiwe ndani m'menemo, iye amati kaya. Munamupanga wopemphetsa, eti?"

Apa Soukaina anasendera pafupi n'kugwada pa mphasa.

"Agogo, palibe anakuuzani?"

"Andiuze ndani? Ine kuwerenga sindidziwa."

"Sanali wopemphetsa. Anali mlonda wa Chipata cha Kummawa." Mawu ake anali okhazikika. Ndinali ndisanamumvepo akulankhula chonchi. "Mzinda unazingidwa, agogo. Adani anali kumadzulo, mphepo yofiira ija imene imaotcha chilichonse ikubwera kumbuyo kwawo. Asilikali onse anathawa, ndi mfumu yomwe. Anatsala mlonda mmodzi, nkhalamba imene palibe ankaiwerengera. Ndiye kunafika ana othawa kuchokera ku midzi, opanda nsapato, mapazi ali magazi okhaokha chifukwa cha miyala. Patsogolo pawo panali ulendo wa masiku atatu m'chipululu. Mlondayo analibe nsapato zowapatsa. Anali ndi mkanjo umodzi wokhawu, umene mkazi wake anamulukira."

Lalla Yamna anakweza mutu.

"Mwana aliyense akafika, iye amadula kansalu m'munsimu n'kumumanga mapazi." Soukaina anagwira chigamba choyamba. "Apa anali kamnyamata kosalankhula. Apa mapasa, n'chifukwa chake podulapo n'papakulu. Apa mtsikana uja mwini nkhani, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mabowo a paphewawa ndi a mtengo wotsekera chipata, ankaunyamula yekha, ntchito ya amuna anayi. Anthu amawerenga mutu umenewu n'kutseka buku kaye, agogo. Ine ndinauwerenga bambo atangomwalira. Pamene ndinamva kuti mlondayo akhala a Mbarek a mumsewu muno, sindinadye tsiku lonse ndi chimwemwe."

Manyazi anandigwira. Ndinadula m'munsimo ndi dzanja langa, ndikuwerengera papepala, ndikudandaula kuti azungu amavuta, ndipo sindinafunsepo kuti n'chifukwa chiyani. A Hammou anali ataima pakhomo la kukhitchini, ndevu zitanyowa.

Lalla Yamna anachotsa nsaluyo pachifuwa pake. Anayala mkanjowo pamiyendo n'kuyendetsa chala m'mphepete mwa zigamba zake, chimodzi ndi chimodzi.

"Anawo anapulumuka?"

"Onse, agogo."

"Nanga iye?"

Soukaina anandiyang'ana, ine ndinayang'ana tiyi.

"Anatsala pachipata. Panafunika munthu wotseka kumbuyo kwawo."

"Akanatero," anatero Lalla Yamna. "Wosamva uja akanatero ndithu." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu yake yoyera. "Anawo anali angati?"

"Khumi ndi asanu ndi awiri."

"Khumi ndi asanu ndi awiri." Anabwereza pang'onopang'ono. "Ife Mulungu sanatipatse ngakhale mmodzi."

Iye anazula singano pa mkono wa mkanjo n'kuibaya pa mphasa, kenako anatambasula dzanja kwa ine.

"Lezala yako ija uli nayo, Rkia?"

Ndinali nayo m'chikwama, sindiyenda popanda iyo. Ndinati ndidule ndine, kuti asaone ntchito yake ikuonongeka, koma anandilanda. Anagwira chigamba choyamba, naika lezala pa ulusi wake womwe.

"Sendera kuno, mwana wanga," anauza Soukaina. "Uzinditchulira mmodzimmodzi, ndisadumphe wina."